Galimoto ya a Chimbalanga Inatulukira Pamapewa

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu a kusukulu kuli ufumu wotchedwa Pamwambapake. Dzinali silinagwe kumwamba. Kumeneko ukafunsa mtengo wa chinthu amakuuza mwaulemu wonse, iwe n'kupisa m'thumba, koma ukamati upereke, wogulitsa amakhosomola pang'ono n'kunena kuti, "Eya, koma pamwamba pake..." Akuti ana a kumeneko amayamba kudziwa mawu amenewa asanadziwe kuitana amayi awo.

Pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Salipira Wachiwiri, munthu wansangala, wokonda khamu la anthu ndi nthungululu. Bambo ake anamusiyira lamulo limodzi lokha limene aliyense ankalilemekeza, ndipo linalembedwa pakhomo la bwalo la nduna. Lamulolo linkati ndalama yotengedwa kwa munthu popanda dzina ndi kuba, koma ikakhala ndi dzina ndi chitukuko. Ndiye poti mfumu siingabe, kunyumba yachifumu kunali udindo wa Wopereka Mayina.

Ntchitoyo inkayenda motere. Nduna kapena wamalonda wamkulu akaganiza njira yatsopano yopisira m'matumba a anthu, ankailemba papepala, pepalalo n'kulikulunga m'kansalu ngati khanda lotuluka m'chikuta. Ankabwera nalo kubwalo, Wopereka Mayina n'kulilandira ndi manja awiri, kuliyang'anitsitsa, kenaka n'kulitcha dzina. Amayi a kunyumba yachifumu ankalulutira, ndipo kuyambira tsiku limenelo anthu ankalipira.

Amene anagwira ntchito imeneyi kuyambira tsitsi lili bii mpaka litachita mbuu anali a Yotamu Chimbalanga. Tisawanamizire, sanali munthu woipa. Vuto lawo linali kukonda mawu okoma. Ndalama yolipira powoloka mlatho anaitcha Moni wa Mtsinje. Yolipira pokhala pabenchi kuchipatala anaitcha Chikhazikamtima. Anthu ankalipira akung'ung'udza, koma pobwerera kwawo ankavomereza kuti dzina lokhalo ndiye linali lokoma. A Chimbalanga iwo sankalipirako chilichonse, chifukwa antchito a mfumu ankangoonetsa baji n'kudutsa.

Tsiku lopuma ntchito litakwana anawalanda baji, n'kuwapatsa ndalama zopumira ndi wotchi yapakhoma yopanda mabatire. Mpando wawo unatsala wopanda munthu. Nduna ya chuma inkafuna kuikapo mphwake, mfumukazi inkafuna mwana wa mchimwene wake, ndipo bwalo linkakumana mlungu uliwonse, kudya, kukangana, n'kubalalika.

A Chimbalanga analibe nazo kanthu zimenezo. Mtima wawo unali pa lonjezo lakale. Ali mnyamata anakwatira ku Mtsalira, mudzi wakutali kumapeto kwa ufumu, nakhalako pang'ono pachikamwini. Tsiku lina alamu awo anawaitana kuti adzathandize kusenza denga la nkhokwe. Iwo, atavala jekete lawo loyamba, anayang'ana dengalo, anayang'ana mapewa awo, nati, "Mapewa awa ndi a jekete, alamu. Ine mlongo wanuyu ndidzamunyamula pagalimoto yangayanga, mpando wakutsogolo." Mudzi wonse unaseka mpaka ena kukhala pansi. Kuchokera apo, pamaliro paliponse, paukwati uliwonse, akangotsika pa matola ali fumbi lokhalokha, mlamu wawo wamkulu a Sandifolo ankawalandira ndi funso limodzi: "Alamu, galimoto mwaimika pati?"

Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Tsopano ku Mtsalira anali atamanga chiliza cha apongozi awo, ndipo mwambo wochionetsa unali kumapeto kwa mwezi. Akazi awo, a Nangozo, maondo anali atawatha. Kukwera basi ya kumeneko, imene munthu amakhala mwendo wina pathumba la chimanga wina m'mwamba, kunali kosatheka. Iwo sanadandaule. Anangoti, "Bambo a Tinyade, mukapite nokha. Mukawauze amayi kuti ndikanabwera." Mawu amenewo anawalasa a Chimbalanga kuposa kuseka konse kwa alamu awo.

Mumzinda wa Zatchipa, likulu la ufumuwo, munali malo amodzi okha ogulitsira magalimoto atsopano, otchedwa Kwerani Mwaulemu. Mwini wake anali a Mwetulani, mlamu wa mfumu, munthu amene mano ake sanabisikepo. Chipata cha malowo chinali chachitsulo, chachitali ngati cha ndende, koma mpanda wake unali kakhoma kofika m'chiuno, kuti odutsa aziona magalimoto n'kumasirira. Pakhomo panali chikwangwani chachikulu cholengeza mtengo wa kagalimoto kobiriwira. A Chimbalanga anawerengetsa napeza kuti ndalama zawo zikwana, n'kutsalanso zogulira mbuzi ya kumwambo. Anavala jekete, nagwira a Nangozo padzanja, ulendo.

"Atate a mayina!" anafuula a Mwetulani, manja ali tambasu. "Lero mwatiyendera? Amayi, khalani apa pofewa. Mukufuna iti?"

"Yobiriwirayo," anatero a Chimbalanga. "Mtengo wake ndi umene uli pachikwangwanipo?"

"Womwewo, bwana, sitinama ife." A Mwetulani anakhosomola pang'ono. "Koma pamwamba pake pali Chitsekulapakamwa. Mwafunsa, ndayankha."

A Chimbalanga anamwetulira ngati munthu amene wakumana ndi mwana wake kutauni. Dzina limenelo analitenga okha ku mwambo wa ukwati, ndipo ankalikumbuka bwino tsiku limene analipereka. "Ameneyu ndi wanga," anauza akazi awo monyadira, nalipira.

"Onse ndi anu, bwana," anatero a Mwetulani. "Ndipo akula bwino."

Ana a a Chimbalanga aja anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Panali Chipondamthengo, chifukwa galimoto inayenda ulendo wautali kuchokera kudoko. Panali Chofunda, cha mapulasitiki okuta mipando. A Nangozo anati mapulasitikiwo awachotse, iwo ali ndi nsalu zawo kunyumba.

"Zotheka, amayi. Kuchotsako kuli ndi Chivundukulo, ndipo chimaposa Chofunda pang'ono."

"Asiyeni," anatero a Nangozo.

Panali Mpweya wa Alendo, wa m'matayala, poti mpweyawo unapoperedwa kunja ndipo unali wozizira bwino kuposa wa kuno. Panali Fungo la Utsopano. A Nangozo anati iwo ali ndi chimfine, sakumva kanthu, koma a Mwetulani anawatsimikizira kuti fungolo likhalapobe mpaka chimfine chitatha. Panali Chinyowetsammero, cha mafuta oyamba m'thanki. Panalinso Chipukutamisozi.

"Walira ndani?" anafunsa a Nangozo.

"Magalimoto otsalawa, amayi. Abwera limodzi pasitima, agona limodzi pano. Mnzawo akamachoka, mukuganiza kuti akumva bwanji?"

A Nangozo anatembenukira amuna awo. "Ameneyunso ndi wanu?"

"Ndinali ndidakali wamng'ono pantchito," anayankha a Chimbalanga, maso ali pansi.

Kunyada kunatha cha pa Mpweya wa Alendo. Ndalama ya mbuzi inapita. Mawa lake anagulitsa firiji, kenaka njinga, kenaka wotchi yopanda mabatire ija. A Nangozo anakatenga zonse zimene ankasunga ku banki m'khonde, nazimasula pamfundo ya chitenje. Pomaliza a Mwetulani anawapatsa makiyi pa kambale kagalasi, antchito onse akuwomba m'manja. A Chimbalanga anawatsegulira akazi awo chitseko chakutsogolo. A Nangozo anakhala, mapulasitiki ali khwakhwakhwa, nasisita pampando ngati akusisita mwana. Injini inalira. Galimoto inayenda bwinobwino mpaka pachipata, ndipo chipatacho chinali chotseka.

A Mwetulani anafika pawindo akumwetulira. "Mukupita osatsanzika, bwana?"

Apo a Chimbalanga anakumbukira. Chitsanziko! Pa ana awo onse, ameneyu ndiye ankamunyadira kwambiri. Tsiku limene anamutcha, mfumu inaimirira n'kuwagwira chanza. Koma pa zaka zonsezo sanafunsepo kuti mwanayo amadya zingati, ndipo atamva, anagwira chiwongolero ndi manja awiri kuti asagwe. Zinali ndalama zoti munthu n'kumangira nyumba ya malata.

"Ndilibe," anatero motsitsa mawu. "Zonse zatha."

"Palibe vuto ngakhale pang'ono. Galimoto ndi yanu, palibe akukana. Kungoti siinatsanzike. Kaiimikeni kuseriko pamodzi ndi anzanu. Usiku uliwonse pali Chogonera, koma chimenecho n'chochepa, mudzalipira tsiku lotuluka."

Kuseri kwa nyumba yogulitsiramo a Chimbalanga anapeza dziko limene sankalidziwa. Magalimoto atsopano anali ndandanda, owala, mapulasitiki ali m'mipando, udzu utamera mozungulira matayala. Eni ake ankabwera Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Ankawatsuka, kuwapukuta, kulowamo ndi mabanja awo, kuliza wailesi, madzulo n'kutseka zitseko, kubwerera kwawo wapansi. Poti pamene pali anthu sipalephera malonda, kunja kwa kakhoma kaja kunabadwa msika. Panali chimanga chootcha, zitumbuwa, nsanza zopukutira magalasi, ndipo cha kumapeto kwake ena ankagulitsa milimo ya bulugama yomangira nyumba.

Woyandikana nawo anali Mayi Kaliwo, mzamba wopuma ntchito, mwini galimoto yofiira. Anawalandira ndi chitumbuwa.

"Takulandirani kumudzi kwathu. Musadandaule, muzolowera. Yangayi ndagula kalekale, koma sinaphulikepo tayala, sinagundepo mbuzi, wapolisi sanandiimitsepo. Galimoto yabwino zedi."

"Inuyo muli bwino," anatero bambo wina wa galimoto yoyera. "Ine mwana wanga waphunzirira kuyendetsa momwemu. Akudziwa zonse, kupatula kupita kutsogolo."

Mayi Kaliwo anawayang'anitsitsa a Chimbalanga. "Koma nkhopeyi ndikuidziwa. Si inu bambo ake a Chitsanziko?"

A Chimbalanga anavomera ndi mutu.

"Ine ndabadwitsa ana ambirimbiri m'dziko muno, koma wodya ngati wanuyu sindinamuone. Idyani chitumbuwacho, achimwene. N'chaulere, sichinatchedwe dzina."

Anthu anaseka, ndipo kunalibe njiru m'kuseka kwawoko. Zimenezo ndi zimene zinawapweteka kwambiri a Chimbalanga. Akanawatukwana bwenzi atapeza poyankhira.

Lolemba anapita kunyumba yachifumu. Popanda baji anayenera kulipira Chigogodo pakhomo, dzina lawo lomwe, ndipo anachita kukongola kwa mlonda. Anapeza bwalo lili m'kati, nduna ya misewu ikupereka lipoti.

"Mfumu yanga, chaka chino anthu agula magalimoto ambiri kuposa chaka chilichonse. Koma ngozi zapamsewu zatsika, mizere ya mafuta yafupika, ndipo phula limene tinathira bambo anu ali moyo lidakali bwinobwino."

Mfumu inaimirira, nkhope ikuwala. "Mwamva? Mafumu anzanga akumanga misewu, akukumba maenje, akulira ndi mafuta. Ife tapeza nzeru imene dziko lonse lidzabwera kudzaphunzira. Munthu aliyense akhale ndi galimoto, ndipo galimoto iliyonse ikhale pamalo pake. Limeneli ndilo bata!"

Nduna zinawomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Kenaka mfumu inawaona a Chimbalanga atagwada kumapeto. Inawaitana mwachikondi, niwafunsa za moyo wa kunyumba. Iwo anafotokoza za maondo a akazi awo, za chiliza cha apongozi, za lonjezo lakale, napempha kuti Chitsanziko chichepetsedwe, ngakhale kwa okalamba okha.

"A Chimbalanga, mwandikhumudwitsa," inatero mfumu mofatsa. "Mwana munamulandira ndi manja anu, munamutcha nokha, ife tinalulutira. Lero wakula mukufuna kumukana? Tate wotani ameneyo? Pitani mukapume, mwagwira ntchito yaikulu."

A Chimbalanga anatuluka, nabwerera kunyumba. Mwambo wa ku Mtsalira unali Loweruka la mlungu wotsatira.

Lamulungu a Nangozo anati awaperekeze kugalimoto. Anayenda pang'onopang'ono, kupuma pamthunzi uliwonse. Atafika anakhala pampando wawo wakutsogolo, natsitsa galasi, namayang'ana anthu akutsuka magalimoto awo. A Chimbalanga anakhala pachiwongolero.

"Ndakulakwirani, amayi a Tinyade," anatero. "Firiji yapita, ndalama zanu zapita, ndipo kwanu simufika."

"Pampando wakutsogolo ndakhalapo," anayankha a Nangozo. "Theka la lonjezo lakwana." Anakhala kanthawi akuyang'ana kakhoma kofika m'chiuno kaja, ndi milimo ya bulugama itatsamira kuseri kwake. "Bambo a Tinyade, denga la nkhokwe lija munakana kusenza lija, mukukumbuka kuti linalowa bwanji pabwalo la amayi?"

"Ndinali nditapita kukasita jekete."

"Pachipata silikanakwana. Analidutsitsa pamwamba pa mpanda."

Mayi Kaliwo, amene makutu awo sankapuma ngakhale Lamulungu, anasiya kupukuta galasi. Anayang'ana khoma, anayang'ana kagalimoto kobiriwira, anayang'ana khamu la amuna ndi amayi amene analipo, onse amphamvu zawo chifukwa choyenda wapansi zaka zonsezi. Anaponya nsanza pansi.

"Anthuni! Mutu umodzi susenza denga. Tabwerani kuno!"

Nkhani inathamanga ngati moto wa lupsa. Ogulitsa milimo anabwereketsa mitengo yawo yolimba. Anailowetsa kunsi kwa galimoto, ina kutsogolo, ina pakati, ina kumbuyo, naimanga ndi zingwe za matayala akale. Ena anaima m'kati mwa khoma, ena kunja kuti alandire. A Nangozo anati atsike kuti katundu apepuke, koma Mayi Kaliwo anatseka chitseko. "Khalani momwemo, asisi. Maondo amenewo tikuwadziwa."

A Mwetulani anatuluka akuthamanga, ndipo kwa nthawi yoyamba milomo yawo inakumana. "Imani! Imani! Galimoto kutuluka chotero, pamwamba pake pali... pali..."

"Pali chiyani?" anafunsa Mayi Kaliwo. "Tchulani dzina lake tilipire. Chitsanziko ndi cha pachipata, ife chipata chanu sitikuchikhudza."

Chiyambire ufumu palibe amene anaganizapo zoti galimoto ingatuluke pamapewa, choncho kutuluka kotero kunalibe dzina. Kutenga ndalama yopanda dzina kunali kuba, ndipo ngakhale mlamu wa mfumu sakanayerekeza kuba anthu akuona masana. A Mwetulani anatuma wantchito kunyumba yachifumu pa njinga yamoto.

Mfumu inadzibwerera yokha, poti inamva kuti kuli khamu. Pambuyo pake panali nduna ya chuma itanyamula kansalu, m'kati mwake muli pepala lolembedwa mofulumira, inki isanaume. Panalinso amayi olulutira, akukonza kukhosi. Chinasowa ndi Wopereka Mayina basi, chifukwa mpando unali udakali wopanda mwini.

"A Chimbalanga!" inaitana mfumu. "Mulungu ndi wabwino, muli pompano. Ndikukubwezerani udindo kwa lero lokha. Landirani mwanayu, mumutche dzina. Mukatero Chitsanziko chanu ndachikhululukira, ndi Chogonera chomwe. Chipata chitseguka, mutuluka ngati munthu wolemekezeka, apolisi akuperekezani mpaka kwa apongozi anu. Ndiwonjezerapo mbuzi."

Nduna inawaika kansalu m'manja. Ngakhale wootcha chimanga anasiya kukupiza moto.

Tinene zoona, a Chimbalanga anayesedwa. Manja awo analandira kansaluko mwachizolowezi, ndipo asanaganize n'komwe, dzina linafika. Linali dzina lokoma kuposa onse amene anaperekapo, lofewa, laulemu, loti munthu n'kulipira akuthokoza. Linawayabwa palilime. Akangolitchula, a Nangozo akafika ku Mtsalira mosavutika, popanda mantha oti mtengo ungathyoke galimoto n'kugwa nawo pakhoma. Anakweza maso. Anaona Mayi Kaliwo atagwira mtengo, bambo wa galimoto yoyera ndi mwana wake wosadziwa kupita kutsogolo, ndi ena onse amene anaika mapewa awo pansi pa galimoto ya munthu amene anawatsekera chipata. Akatchula dzinalo, iwo okha atuluka, khoma n'kutsekekera onsewo mpaka kalekale. Anayang'ana akazi awo. A Nangozo anangokweza galasi pang'onopang'ono mpaka linatseka, nayang'ana kutsogolo ngati munthu amene wakonzeka ulendo.

A Chimbalanga anagwada, nabweza kansalu kwa nduna ndi manja awiri.

"Mfumu yanga, mwanayu ndamuyang'ana. Ndakalamba, maso atha. Sindikumuona nkhope."

"Yang'ananinso," inatero nduna ya chuma, mano ali gwa. "Ndalama zanu zopumira za mwezi ndi mwezi zimadutsa pa tebulo langa."

"Ndikudziwa, bwana. Dzina la kuchedwa kwake ndinapereka ndine."

Anavula jekete, nalipinda bwinobwino, natsegula chitseko n'kulipatsa akazi awo, natsekanso. Kenaka anapita pa mtengo wakutsogolo, mbali ya a Nangozo, naikapo phewa limene chibadwire silinanyamulepo cholemera kuposa lamba wa chikwama. Mayi Kaliwo anayambitsa nyimbo ya pantchito, anthu anavomera, ndipo pa kuvomera kwachitatu kagalimoto kobiriwira kananyamuka. Kanagwedezeka, kanapendama, wina anakuwa kuti mayo, mtengo wina unalira ngati uthyoka. A Chimbalanga anaona nyenyezi masana. Koma sanachoke. Galimoto inakwera, inadutsa pamwamba pa khoma a Nangozo ali m'kati atagwira jekete pamiyendo, manja a kunja anailandira, ndipo matayala ake anatera pa msewu wa mfumu.

Amayi olulutira aja, poti anali atakonza kale kukhosi, analulutira. Msika wonse unalandira. Mfumu inayang'ana uku ndi uku, niona kuti nthungululu zachuluka kuposa za tsiku limene inalowa ufumu, ndipo sinafune kuti zipite kwa wina. Inakwera pa tebulo la wogulitsa zitumbuwa.

"Anthu anga! Umodzi umene ndakhala ndikulalikira uja ndi umenewu! Onani mphamvu za ufumu wanga!"

A Mwetulani anayesa kuinong'oneza, koma mfumu inali itayamba kale kuvina. Dzuwa lisanalowe galimoto yofiira ya Mayi Kaliwo inali kunja, yoyera inali kunja, ndipo a Chimbalanga anasenza nawo iliyonse mpaka kuseri kuja kunatsala udzu wokhawokha.

Bwalo la nduna likukumanabe mpaka lero kufuna munthu woti atche mwana uja, ndipo mphwake wa nduna ndi mwana wa mchimwene wa mfumukazi onse ayamba imvi akudikira. A Mwetulani anafuna kukweza khoma, koma anapeza kuti kukweza khoma kuli ndi Chikwezo, Chiyang'aniro ndi Chipepeso cha Oyandikana Nawo, ndipo atawerengetsa anati khoma lili bwino momwemo. Dzina lokoma lija a Chimbalanga sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Ndalama zawo za mwezi ndi mwezi zinayamba kufika mochedwa kwambiri, ndipo firiji sinabwerere.

Loweruka lija kagalimoto kobiriwira kanalowa m'mudzi wa Mtsalira kali fumbi lokhalokha, m'mbali mwake muli zidindo za zikhatho za anthu. Kanaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi manda. A Chimbalanga anatsika, nazungulira, natsegula chitseko chakutsogolo ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja silinkakwezeka. A Nangozo anatsika pang'onopang'ono, nayang'ana chiliza cha amayi awo, misozi n'kuyamba kutsika.

A Sandifolo anabwera ndi ndodo yawo, atakalamba nawonso. Pakamwa pawo panayamba pokha mwachizolowezi.

"Alamu, galimoto mwaimika pa..."

Anaiona. Anaizungulira kawiri, nagogoda tayala ndi ndodo, nasuzumira mapulasitiki a m'mipando. Kenaka anaseka ndi chimwemwe chenicheni, nakweza dzanja kuti awamenye alamu awo paphewa.

A Nangozo analigwira dzanjalo m'malere.

"Paphewa ayi, achimwene," anatero akupukuta misozi. "Denga lija asenza."